Mtengo ukapatsidwa mtengo

Mlongo wina wanditumizira imelo sabata yathayi, akuti ndimakonda kuloza chala capitalism, chuma choyendera msika ndi phindu, ndikamalemba za nkhalango, pomwe vuto ndi dyera basi, ndipo dyeralo munthu amabadwa nalo.

Achemwali zikomo, dyera lilipo inde sindikukana, koma taonani nkhani ya mukula. Mtengo umenewu wakhala uli m'tchire la Zambia, ku Luapula uko, kuyambira kalekale, ukautema umatuluka madzi ofiira ngati magazi, anthu ankapangira mankhwala ndi utoto, kudulako umodzi akafuna thabwa, zathera pompo. Ngati ndi dyera lobadwa nalo, bwanji agogo aja sanaumalize?

Chinasintha chinachitikira kutali. Ku China anthu atayamba kupeza bwino, mipando ndi matebulo a mitengo yofiira, amati hongmu, omwe kale anali a mafumu ndi olemera a nthawi ya maufumu akale a Ming ndi Qing, anasanduka chizindikiro choti munthu wafikapo, ndiye aliyense wandalama kumafuna wake, ena kugula kungosunga kudikira udzakwere. Mitengo yotere itachepa ku Asia ogula anatembenukira ku Africa. Mukula unasiya kukhala mtengo wapamudzi n'kukhala chipika choyezedwa ndi tepi, kuchikweza pa thiraki, ulendo ku doko. Boma la Zambia linaletsa kangapo konse koma zipika zimatulukabe, mpaka mu 2019 ku Geneva mukula unalowa pa mndandanda wa CITES, pangano la mayiko loteteza nyama ndi zomera, wa zinthu zosagulitsidwa kunja mwachisawawa.

Chimandiwawa ine ndi mnyamata wonyamula sowo kukadula mitengoyi. Amamupatsa zochepetsetsa, ndipo nayenso msika womwewo wamuphunzitsa kale zofuna, foni yatachi, njinga yamoto yoti achite kabaza, kuonjezera feteleza ndi fizi zomwe sangazithawe. Mungamutche wadyera? Mthunzi ndi maluwa a njuchi palibe amene amamulipira, chipika chokha ndiye chili ndi wogula.

Kwathu kunonso tili ndi mkungudza wa pa Mulanje, womwe mu 1984 unasankhidwa kukhala mtengo wa fuko. Umanunkhira bwino, chiswe sichiudya, ndiye unapita m'matabwa ndi m'timabokosi togulitsa kwa alendo. Akatswiri atakwera phiri kukawerenga mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha. Ine kabokosi kotero ndili nako, ndinagula ndekha pamsewu, ndimasungamo makiyi, ndipo ndikakatsegula fungo lija likadalimo.