Achemwali, musalisiye phiri la Sri Pada chifukwa cha zipline

Imelo ya achemwali ena yandikhalitsa pansi sabata ino. Akuti iwo ndi bambo akunyumba akupita ku Sri Lanka mu February, ali ndi sabata imodzi yokha, ndiye bambowo akuti phiri la Adam's Peak alisiye, ati ndi masitepe chabe ndi zopembedza za eni ake, bola zipline (masewera otsetsereka pa chingwe m'malere) ya ku Ella ndi kukajambulitsa akulendewera pakhomo la sitima. Funso lawo ndi lakuti kodi nzoona, nanga mawondo a zaka 50 angathe?

Achemwali, mawu akuti "masitepe chabe" aja andipweteka, sindinama. Mwina bambo sanaganize zambiri polankhula, koma maganizo amenewa ndi omwe akutiwonongera maulendo masiku ano, munthu kulipira ndege yodula chonchija kuti akaime pomwe anzake onse anaima, ajambule, aike pa Facebook, basi abwerere.

Ine phirilo ndinakwera. Eni ake amati Sri Pada, kutalika kwake ndi mamita 2,243, ndipo poyambira ndi pa kamudzi ka Nallathanniya kufupi ndi Hatton. Timanyamuka cha m'ma 2 koloko usiku kuti dzuwa litipeze pamwamba. Njira yonse ili ndi magetsi, ukayang'ana m'mwamba umangoona mzere wa nyali ukukhotakhota mpaka kumitambo, mtima nkuchita thi. Masitepe ndi oposa 5,000 ndipo ena ndi aatali moti umachita kukoka mwendo ndi dzanja. Koma chomwe sindidzaiwala si kutopa ayi. Ndi agogo ena, ovala zoyera, opanda nsapato, anyamata awiri atawagwira uku ndi uku, akukwera sitepe imodzi, kupuma, ina, kupuma, banja lonse pambuyo likuimba motsitsa, wina atabereka khanda. Palibe amene amawafulumizitsa. Ife a mabuti ndi majekete timangowapatsa njira. M'mbali muli timashopu ta tiyi wotentha wa shuga wambiri, umamwa uli chiimire nthunzi ikutuluka mkamwa chifukwa kumazizira zedi.

Pamwamba pali chidindo pamwala chooneka ngati phazi. Abuda amati ndi phazi la Buddha, Ahindu amati ndi la Shiva, Asilamu ndi Akhristu ena amati ndi la Adamu. Ibn Battuta, woyenda maulendo wa ku Morocco, anafika pamenepa mu 1344, ndiye ganizani kuti anthu akhala akukwera kuyambira liti. Nsapato umavula, simenti ikuluma mapazi ndi kuzizira, ndipo pali belu lomwe munthu amaliza molingana ndi maulendo amene wakwerapo. Ndinamva mayi wina akuliza, akuliza, osasiya. Dzuwa likangotuluka, mthunzi wa phiri umagwa mbali inayo, wa ngodya zitatu, wowongoka bwinobwino ngati wina wachita kujambula ndi rula. Ndiye wina azinena kuti masitepe chabe?

Za sitimazo ndinene poyera, sindigwirizana nazo. Ulendo wa pa sitima kuchoka ku Kandy kupita ku Ella ndi wokongola kwambiri, ukwereni, maola pafupifupi 7 mukudutsa m'minda ya tiyi ndi m'mapanga. Koma zolendewera pakhomo zija alendo ena anavulala nazo koopsa, ena kutaya moyo, chifukwa njanji imadutsa m'mapanga opapatiza ndipo sitima siyembekeza kuti mumalize kujambula. Khalani pawindo muone anthu. Amayi othyola tiyi mudzawaone ndi matumba kumsana aja ambiri ndi Atamil, makolo awo anabweretsedwa ndi Angerezi kuchoka kummwera kwa India m'zaka za m'ma 1800, ndipo tiyiyo anayamba kulimidwa ngati bizinesi mu 1867 ndi James Taylor pa esiteti ya Loolecondera, matenda asanawononge khofi. Aliyense amene anakulira ku Thyolo kapena ku Mulanje sangadutse pamenepo osamva kanthu, mizere ya nyumba za antchito ndi yomweyo, malipiro odandaulitsa omwewo. Ine zimandiwawa kuona mlendo akuwaimitsa ntchito kuti ajambule nawo kenako osawasiyira kalikonse.

Ndiye muchite bwanji?

February ndi nthawi yabwino, nyengo yokwera phirilo imayamba mu December mpaka May. Pewani Loweruka, Lamlungu ndi tsiku la poya, mwezi ukakhala wathunthu, apo ayi mudzaima pamzere maola ambiri osasuntha. Mawondo amavuta potsika osati pokwera, ndiye gulani ndodo poyambira pomwepo, tsikani mwachifatse, tsiku lotsatira musaike chilichonse cholemetsa. Ngati muli ndi vuto la mtima kapena BP yambani mwaonana ndi dokotala. Tengani juzi ndi chipewa.

Zipline ya ku Ella siyoipa, imatha mu mphindi imodzi, bambo akwere, kenako mukayende limodzi mpaka pa mlatho wa sitima wa Nine Arch Bridge. Ngati akufuna chowathamangitsa magazi zenizeni apite ku Kitulgala akapalase pa mtsinje wa Kelani. Sigiriya, thanthwe lomwe mfumu Kashyapa inamangapo nyumba yake m'zaka za m'ma 400, mulawirire kusanatenthe ndipo musamachite phokoso chifukwa kuli mavu. Ku Horton Plains mukafike pa World's End isanakwane 9 koloko, mukachedwa nkhungu imatseka phompho lonse. Anangumi a ku Mirissa asiyeni ulendo uno, sabata imodzi sikwanira, ndipo misewu ya kumapiri imadya nthawi kuposa momwe mapu amaonetsera.

Bambo akakana ndithu, asiyeni agone ku Nallathanniya inu mukwere, panjirapo simudzakhala nokha.