Kodi ŵ timusiye chifukwa cha ma font?

Funso: Ndimalemba mu pulogalamu ya LibreOffice pa kompyuta yoyendera Ubuntu, mtundu wina wa Linux. Ndikatumiza fayilo kwa mnzanga amene ali ndi Linux yamtundu wina, ŵ wa mu Malaŵi amatuluka wosiyana ndi zilembo zinzake, mwinanso kabokosi basi. Ndingomusiya?

Yankho: Ayi ndithu, musamusiye. Chimachitika nchakuti Linux iliyonse imabwera ndi ma font (masitayilo a zilembo) akeake, palibe mndandanda umodzi womwe onse anagwirizana, ndiye font yomwe mwasankha ikasoŵa kwa mnzanuyo kapena ikakhala yopanda ŵ, pulogalamu ina yotchedwa fontconfig imakabwereka chilembocho ku font ina, nchifukwa chake akuoneka mlendo pakati pa anzake. Ikasoŵa pobwereka mpomwe pamabwera kabokosi.

Koma zoti tizitaya chilembo chifukwa cha kompyuta zimandiŵaŵa kwambiri. Ŵ ameneyu ndi b wakalekale amene anafeŵa, milomo imangoyandikana osatsekana. Tamvani Azulu akuti abantu, Atumbuka akuti ŵanthu, ife tinafika pongoti anthu, b uja anachita kusungunukiratu. Mu kudziŵa, kuŵerenga, aŵiri ndi maŵa mkokomo wake udakalipo, agogo anga ankautchula momveka bwino ndipo kusukulu aphunzitsi ankatichongera tikaiŵala kachipeŵa ka pamwamba pa w kaja. Lero pa WhatsApp ndi Facebook ana akungolemba w paliponse, mpaka ena akuganiza kuti kachipeŵako nkokongoletsa chabe. Ine ndimati ulesi wa makiibodi ndi umene ukumupha ŵ kuposa china chilichonse.

Mu Unicode, mndandanda umene umapatsa chilembo chilichonse nambala yake pa makompyuta, ŵ alimo kale, nambala yake ndi U+0175, ndipo a ku Wales amamulembanso m'chiyankhulo chawo. Ma font aulere ngati DejaVu, Noto ya Google ndi Liberation yomwe kampani ya Red Hat inatulutsa mu 2007 onse ali naye. Liberation ndiyabwinonso chifukwa kukula kwa zilembo zake kumafanana ndi Arial ndi Times New Roman, masamba sasokonekera. Opanga ma Linux atangogwirizana kuti ma font oŵerengeka ngati ameneŵa azipezeka paliponse, dandaulo lanuli likanatha.

Pakadali pano sankhani Liberation kapena Noto, muzipewa ma font okometsera aja, ndipo potumiza pangani PDF chifukwa imanyamula font mkati mwake. Polemba pa Ubuntu dinani Ctrl, Shift ndi U pamodzi, lembani 0175 kenako Enter.