Kodi nsima ya mapira ndi chakudya cha njala?

Mayi wina wa ku Bangula wandilembera imelo. Akuti ana awo amene amaphunzira ku Blantyre akabwera kutchuthi amakana nsima ya mapira, ati ndi yakuda ndipo imadyedwa chimanga chikakanika. Ndiye akufunsa: kodi kumaiko ena kuli anthu amene amadya mapira chifukwa chowakonda?

Alipo mayi, ndipo ndi ochuluka kwambiri. Poyamba muwauze anawo kuti chimanga ndi mlendo. Kwawo ndi ku Mexico, ndipo chinafika mu Africa chaka cha 1500 chitadutsa kale. Mapira ndiye mbewu yathu, inayamba kulimidwa cha ku Sudan. N'chifukwa chake dzuwa la ku Ngabu likaotcha chimanga mpaka kufota, munda wa mapira umapirira ndithu.

Ku Sudan komweko chakudya chimene amanyadira ndi kisra. Amasungunula ufa wa mapira m'madzi n'kuusiya kuti usase, kenako amaupaka pachiwaya chamoto, wopyapyala ngati pepala. Ndiwo yake nthawi zambiri amathiramo therere louma losinja. Ku Mali ndi ku Burkina Faso amaphika tô, yomwe ndi nsima ndithu, ya mapira kapena mchewere, n'kumadyera therere kapena masamba a mlambe. Taganizani, milambe yonseyi ili mbwee ku Chikwawa! Ku Senegal zipatso za malambe amapangira chakumwa chotchedwa bouye, chimene amalandirira alendo popanda manyazi.

Ku India ndiye nkhani ina. M'chigawo cha Maharashtra amaumba ufa wa mapira ndi manja n'kuotcha buledi wophwatalala wotchedwa bhakri, pomwe ku Karnataka amaphika mitanda ya mawere yotchedwa ragi mudde, imene amatema, kusunsa m'ndiwo n'kumeza osatafuna. Dziko la India lomweli ndi limene linapempha bungwe la United Nations kuti 2023 chikhale chaka chokumbukira mbewu za mtundu wa mawere ndi mchewere, ndipo zinatheka.

Pa zakumwa sindichulutsa. Kumpoto kwa Nigeria ali ndi kunu, m'bale wake wa thobwa, kungoti iwo amathiramo jinja. Ku China mowa wodula wa Moutai, umene amamwetsa atsogoleri a maiko, amautcheza kuchokera ku mapira.

Koma anawo tisangowadzudzula. Ine ndimaona kuti vuto lili pa kakonzedwe. Mapira ofiira akapanda kukonoledwa bwino, nsima yake imamveka kuwawira komanso kukhakhala pakhosi, ndipo mwana wozolowera ufa woyera saiyamba kawiri. Anzathu a ku Sudan aja chinsinsi chawo ndi kusasitsa ufa, chifukwa kumafewetsa chakudya ndi kuchipatsa kakomedwe kena.

Tchuthi chikubwerachi yesani chonchi. Konolani mapira oyera mpaka gaga yense achoke, mukagayitse, musefe. Madzulo musungunule ufa pang'ono m'madzi ofunda, muvundikire. Kutentha kwa kwathu kuno, pofika mawa lake udzakhala utayamba kuchita thovu. Pakani timafuta pachiwaya, tsanulirani pang'ono n'kumwaza kuti upyapyale, ndipo m'mbali mukayamba kutukuka muchotse. Muwapatse ndi therere ndi mlamba wowamba wa ku Elephant Marsh, ndipo mudzandilembere zimene anawo adzanene.