Kodi "servitor" ndi ndondocha?

Funso loyamba lachokera ku Chirunga. Mnyamata wina wophunzira pa University of Malawi akumasulira nkhani ya matsenga amakono a ku Ulaya, ndiye wakakamira pa liwu loti servitor. Akuti: "Aphunzitsi, kodi ndingangolemba kuti ndondocha? Pajatu zonsezi zimagwirira ntchito mwiniwake."

Ayi achimwene, musatero. Tiyambe taona chimene azunguwo akunena. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ku England kunabuka mtundu wa matsenga wotchedwa chaos magic, ndipo Peter J. Carroll ndi Ray Sherwin ndi ena mwa amene anauyambitsa. Otsatira ake amati munthu akhoza kudzipangira yekha womutumikira wosaoneka, amene amamutcha servitor, wa ntchito imodzi yokha: kulondera pakhomo, kufunafuna chotayika, kapena kumukumbutsa maloto kukacha. Amamupatsa dzina, amamujambulira chizindikiro, amamusankhira pokhala ngati mwala kapena mphete, n'kuikiratu tsiku loti ntchito ithe. Ambiri a iwo amanena okha kuti chinthucho ndi chidutswa chabe cha maganizo a mwiniwake.

Tsono ndondocha imene timaimva m'nkhani za pa Songani kapena ku Chinamwali ndi chinanso. Anthu akamati wakuti ali ndi ndondocha, amatanthauza kuti anatenga munthu weniweni, kawirikawiri mbale wake, n'kumusandutsa kapolo womubweretsera chuma. Ndondocha ili ndi mayi ake amene analira maliro. Mukalemba liwu limeneli, wowerenga amva kuti kwaphedwa munthu, pamene mzungu uja wangokhala m'chipinda ndi pepala ndi cholembera.

Chiwanda nachonso sichikwana: m'makutu mwa aliyense wopita kutchalitchi ndi choipa, komanso sichipangidwa ndi munthu. Mzukwa ndi wakufa amene wadzuka. Tokoloshi, liwu lochokera ku South Africa, akuyandikirako poti amatumidwa, koma mbiri yake ndi ya kusautsa anthu usiku.

Nanga mzimu? Liwuli palokha ndi lolemera kwambiri. Mizimu ndi makolo athu, timaithirira nsembe, timaipempha. Palibe amatuma agogo ake kukafuna makiyi otayika. Koma Chichewa chili ndi kachida kamene Chingerezi chilibe, ndiko ka "ka-". Mukati kamzimu, ulemu wonse wa makolo wachoka, chatsala ndi kanthu kakang'ono koti n'kukatuma. Ine ndingalembe kuti "kamzimu kotumikira", tikachuluka "timizimu totumikira". Musaiwale kugwirizanitsa mawu mpaka kumapeto: kamzimu kanga kapita, timizimu tiwiri tabwera. Ndimamva ana a masiku ano akuti "kamwana wanga", ndipo khutu langa limawawa.

Pa mneni palinso msampha. Musati "kulenga kamzimu", chifukwa kulenga timasiyira Namalenga. Musatinso "kuweta", poti kwathu kuno oweta zosaoneka ndi aja amanenedwa kuti amaweta afisi, ndiye mwamuneneza kale munthu. Kupanga kuli bwino, ngakhale ine ndimakonda kuumba, chifukwa woumba mbiya amadziwiratu ngati ikhale ya madzi kapena ya mowa. Chenjerani ndi "kamzimu kopanga", pakuti wina afunsa kuti kopanga chiyani. Nenani "kochita kupanga", monga timanenera maluwa ochita kupanga.

Amayi ena a ku Matawale afunsa mwachidule: "Mwana wanga amajambula tizinthu m'kope, akuti ndi sigil. Si zithumwa zimenezi?"

Pa chiyankhulo, ayi amayi. Chithumwa chimasokedwa, m'kati mumakhala mankhwala, ndipo chimavalidwa m'chiuno kapena m'khosi. Sigil ndi chojambula. Njira yake inatchuka ndi Austin Osman Spare, katswiri wojambula wa ku London amene anamwalira mu 1956: munthu amalemba chimene akufuna m'chiganizo chimodzi, amachotsa zilembo zobwerezedwa, zotsalazo n'kuzilumikiza mpaka zisawerengekenso. Liwu loyenera ndi chizindikiro. Likakuchepani, onjezerani kuti "chizindikiro cha matsenga". Akadzachisokera m'kansalu n'kuchivala, pamenepo ndiye mudzachitche chithumwa.

Onse awiri afunsanso ngati "magic" ndi ufiti. Matsenga ndi liwu lalikulu, limafikira ngakhale uja wosandutsa mapepala kukhala ndalama pamsika kuti anthu aseke. Ufiti ndi wopweteka anthu, ndipo kutchula munthu kuti mfiti ndi mlandu pansi pa lamulo la Witchcraft Act la 1911, lomwe linakhazikitsidwa Zomba ali likulu la Nyasaland. Choncho achimwene a ku Chirunga, Carroll ndi anzake alembeni kuti "ochita matsenga", ndipo liwu loti servitor mulisiye momwemo pamene likuonekera koyamba, kenako muzingoti kamzimu.