Za Eiffel Tower ndi fupa la ntchafu zija

Achimwene mwafunsa kuti kodi nzoona zomwe zikuyenda pa WhatsApp zoti Eiffel Tower, nsanja yachitsulo ya ku Paris ija, anakopera ku fupa la ntchafu ya munthu. Ndaona ena ayankha kale kuti bodza lenileni, ena akuti zoona, koma nkhaniyo ili ndi mutu wake kungoti anthu aikokomeza. Mwini nkhani weniweni si Gustave Eiffel, mwini kampani yomwe inamanga nsanjayo, ayi, ndi mjeremani wina dzina lake Karl Culmann, injiniya wa milatho yemwenso masamu anali ngati chakudya chake.

Mkuluyu anabadwa mu 1821 ku Bad Bergzabern, bambo ake anali abusa. Sukulu ya uinjiniya anaphunzira ku Karlsruhe, ndiye mu 1841 anayamba ntchito yomanga njanji ku boma la Bavaria. Mu 1849 ananyamuka ulendo wautali wa ku Britain ndi ku America kukangoona mmene anzake akumangira milatho, makamaka ya matabwa ija aku America ankaikonda, ndipo atabwerako sanangofotokoza kuti ndaona zakutizakuti, anakhala pansi nkuwerengera kuti thabwa lililonse likusenza katundu wochuluka bwanji. Mu 1855 anamuitana kukaphunzitsa pa sukulu yatsopano ya ku Zürich, Switzerland, yomwe lero amati ETH.

Tsono apa ndi pamene pali nkhani. Nthawi imeneyo kunalibe kompyuta kapena kakyuleta, kuti udziwe mphamvu yomwe ikudutsa mu chitsulo chilichonse cha mlatho umatha masiku ukulemba manambala, ukalakwitsa pamodzi basi zonse zapita. Culmann anati bwanji masamuwo tizichita kuwajambula. Mphamvu iliyonse umaijambula ngati muvi, kutalika kwa muviwo ndiye kukula kwa mphamvuyo, tinene sentimita imodzi ikuimira tani imodzi, ndipo kumene waloza ndi komwe katundu akukankhira. Ukalumikiza miviyo mutu ndi mchira, chojambulacho chikatsekeka pomwe unayambira ndiye kuti chinthucho chiima, chikasiya mpata pali vuto. Kenako umangotenga rula nkuyeza mzere, yankho lapezeka. Ganizani thirasi ya denga imene akalipentala amakhoma ija, mutha kudziwa thabwa lomwe likukokedwa ndi lomwe likupanikizidwa ndi pensulo, rula ndi pepala basi. Ena anali atayambapo kale zoterezi koma iyeyu ndi amene anazisonkhanitsa nkukhala phunziro lathunthu m'buku lake la 1866, Die graphische Statik. Ine ndimaona kuti njira imeneyi imaphunzitsa bwino kuposa kungothira manambala mu kompyuta, chifukwa cholakwika umachiona ndi maso, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Fupa likubwera motere. Ku Zürich komweko kunali katswiri wa thupi la munthu, Hermann von Meyer, amene ankadula mafupa pakati nkumajambula zam'katimo. Mukadzagula nyama ya ng'ombe ku butchala muyang'anitsitse fupa lomwe adula ndi sowo cha kumutu kwake, si lolimba lonse ayi, muli tizibowo ngati siponji ndipo timizere take sitinangoti balala, timapindika motsatana. Culmann ataona zojambula za Meyer za mutu wa fupa la ntchafu anazindikira kuti mizereyo ikufanana ndi yomwe iye ndi ana asukulu ake amapeza akamawerengera crane (makina okwezera katundu wolemera aja) yopindika kumutu. Meyer anasindikiza zimenezi mu 1867, ndipo dokotala wina wa ku Berlin, Julius Wolff, anazipititsa patsogolo mpaka mu 1892 analemba zoti fupa limasintha kamangidwe kake malingana ndi katundu amene likusenza. Ndiye mwaona eti, si injiniya anakopera fupa, masamu anali alipo kale, fupalo linangopezeka kuti likugwirizana nawo. Komanso akatswiri a pambuyo pake amati kufananako si kwa ndendende monga ankaganizira.

Nanga Eiffel akulowa pati? Mmodzi mwa ana asukulu a Culmann anali Maurice Koechlin, yemwe anakalembedwa ntchito ku kampani ya Gustave Eiffel mu 1879. Mu 1884 Koechlin ndi mnzake Émile Nouguier ndi amene anajambula koyamba nsanja ya mamita 300 ija, Stephen Sauvestre nkudzaikongoletsa, bwana Eiffel poyamba sanatengeke nayo nkomwe kkkk koma dzina linapita kwa iye. Kupindika kwa miyendo yake ija chifukwa chake ndi mphepo, nsanja yaitali choncho mdani wake wamkulu ndi mphepo yoomba cham'mbali, ndiye kunsi kumayenera kutambasuka kumwamba kuzicheperachepera. Eiffel mwiniwake ankanena za mphepo yomweyo pomwe anthu ankainyoza kuti ndi yonyansa.

Ndiye wokutumizirani uthengayo mumuuze kuti mphunzitsi wa Koechlin ndi amene anaona fupa, Koechlin anatenga masamu a mphunzitsi wake kupita nawo ku Paris. Culmann mwiniyo nsanjayo sanaione nkomwe, anamwalira ku Zürich mu December 1881, nsanja inatha mu 1889.