Mwana akupita ku Germany miyezi isanu: ndigulitse munda?

Funso: Ndili ndi okala pa Luchenza, ndimagulitsa shuga, sopo ndi mafuta ophikira. Mwana wanga wamkazi ali chaka chachitatu ku yunivesite, ndipo wasankhidwa kukaphunzira miyezi isanu ku Passau m'dziko la Germany, pansi pa Erasmus+, pulogalamu ya mayiko a ku Ulaya yothandiza ophunzira kukaphunzira kunja. Akuti fizi salipira, ndipo azilandira ndalama mwezi ndi mwezi, koma pakufunika zonyamukira. Achimwene anga akuti ndigulitse kamunda ka nthochi kapena nditenge katapila, poti mwanayo akafika azinditumizira. Nditani? Ndine mayi wa ku Thyolo.

Yankho: Mayi, ndakondwa nanu, mwana wakuyeretsani kumaso. Koma munda musagulitse. Inu mukudziwa bwino kuposa ine m'mene malo amavutira kwanuko, komwe tiyi wa m'maesiteti anafika mpaka m'mphepete mwa midzi. Miyezi isanu idzatha, mwana adzatera pa Chileka, ndipo wogulayo sadzakubwezerani ngakhale mzere umodzi. Katapilanso ayi, chiwongoladzanja chake chingadye okala yonse mwanayo asanazolowere n'komwe kuzizira.

Achimwene anu akulakwitsa pa chinthu chimodzi. Mwanayu sakupita kuganyu. Ophunzira ochokera kunja kwa Ulaya amalandira pakati pa 800 ndi 900 euro (ndalama ya kumeneko) pamwezi pansi pa Erasmus+. Mukaziwerengera m'makwacha zimaoneka ngati chuma, koma boma la Germany lenilenilo limawerengera kuti wophunzira amafunika 992 euro pamwezi kuti akhale bwinobwino. Mwaona? Ndalamazo n'zoti alipire chipinda, inshuwalansi ya zaumoyo yomwe ndi yokakamiza, adye, basi. Ubwino wake Passau ndi mzinda waung'ono, wa anthu opitirira pang'ono 50,000, kumalire ndi Austria. Lendi siluma ngati mumzinda waukulu wa Munich, ndipo malo ambiri amafikako wapansi kapena pa njinga. Lamulo limalola wophunzira wakunja kugwira ntchito masiku 140 pachaka, komatu mumzinda waung'ono ganyu amafuna wolankhula Chijeremani. Musamuwerengere.

Vuto lanu lenileni ndi la mwezi woyamba wokha. Kawirikawiri ndalamazi zimayamba kulowa mwana atafika ndi kutsegula akaunti ku banki ya kumeneko. Zisanalowe pali pasipoti, viza, sitima yochokera ku bwalo la ndege, ndi dipoziti ya chipinda, yomwe malamulo a kumeneko amalola kuti ifike lendi ya miyezi itatu. Tikiti ya ndege ndiyo ikuluikulu. Erasmus+ imathandiza pa ulendo, koma mwanayo alembe kalata ku ofesi yoona za ophunzira akunja pa yunivesite ya Passau afunse mosapita m'mbali: tikiti agula ndi iwo, kapena agule yekha adzamubwezere? Gawo loyamba la ndalama zapamwezi alandira tsiku liti? Dipoziti ndi zingati? Ayankhe polemba, osati pakamwa. Mayankho amenewo mukawalemba papepala, mupeza kuti mukusaka ndalama yodziwika, osati phiri lomwe mukuliopa usiku.

Ndalamayo ipezeni chonchi. Itanani achibale, kuyambira achimwene omwe akupereka malangizowo, aliyense aponyepo kangachepe. Mutu umodzi susenza denga. Zotsalazo mukakongole ku banki m'khonde, ndipo mugwirizane ndi mwana kuti abweza yekha, makamaka dipoziti ikabwerera pomaliza. Mpamba wa okala muutengeko pokhapokha mashelefu akhalebe odzaza. Ndaonapo amayi atachotsa mpamba, sabata yachitatu pa shelefu patsala mapaketi awiri a mchere ndi machesi, makasitomala n'kusamukira kwa oyandikana nawo. Kuwabweza n'kovuta kuposa kubweza ngongole.

Za ndalama zakunja yambani msanga. Pitani ku banki yanu ndi kalata yomuitana mwanayo, mulembetse, chifukwa ndalama zakunja zakhala zikusowa ndipo pamakhala kudikira. Kumbukirani kuti mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndiye tikiti ikadziwika mtengo musazengereze. Anyamata osintha ndalama mumsewu apeweni, n'kuphwanya lamulo, ndipo wina akhoza kukupatsani zachinyengo.

Chinanso chomwe makolo ambiri safunsa: mwanayo atenge chikalata chosainidwa ndi yunivesite yake chonena kuti maphunziro omwe akachite kumeneko adzawerengedwa kuno. Popanda chimenecho akhoza kubwereza chaka, fizi yake n'kugwera inu nomwe.

Ngati akupita mu Okutobala, akakumana ndi chisanu choposa cha mu Juni kwanuko, madzi amachita kuuma. Jekete yokhuthala ndi nsapato zotseka mukamusankhire pa kaunjika ku Limbe, poti ku Germany akazigula mtengo woboola m'thumba.