Kagalu kotafuna nsapato: yankho kwa mayi wa ku Kapata

Mayi wina wa ku Kapata, kuno ku Chipata, wanditumizira imelo yodandaula kuti kagalu kawo ka miyezi 4 katha kale patapata, nsapato ya sukulu ya mwana wawo ndi chingwe cha chaja ya foni. Bambo a m'nyumbamo akuti kazikwapulidwa mpaka kaleke, ndipo mayiwa akufunsa ngati mkwapulo ungathandize.

Amayi, mkwapulo sungathandize, chifukwa vuto lili m'kamwa mwa kagaluko. Kagalu kamayamba ndi mano 28 aubwana, ndipo kakafika miyezi 3 kapena 4 manowa amaguluka kuti pamere mano 42 a galu wamkulu, ntchito imene imatha pa miyezi 6 kapena 7. Nthawi yonseyi usinini umayabwa ndi kuwawa, ndiye kamakukuta chilichonse kuti kapezeko bwino. Musadabwe mukapeza kadzino konga njere ya mpunga pamene mukusesa pakhonde. Mukakamenya madzulo chifukwa cha nsapato imene kanawononga m'mawa, sikadziwa chimene kalakwa, koma kamangophunzira kuopa dzanja lanu ndi kukatafunira kuseri kwa nyumba.

Ine ndinalakwitsapo pa galu wanga woyamba, pamene ndinamponyera nsapato yakutha poganiza kuti asiya zabwinozo. Galu sasiyanitsa nsapato yakutha ndi yopita nayo kutchalitchi, popeza zonse zimamveka fungo la phazi la mwini wake, ndipo fungolo ndi limene limamukoka. Nsapato zonse zikwere pamwamba kapena zitsekeredwe m'chipinda, nazonso zingwe za magetsi ndi mankhwala a makoswe zikhale kumene kagalu sikafika. Kapatseni zinthu zakezake ziwiri kapena zitatu, monga chingwe chokhuthala chomangidwa mfundo, karoti wozizira, kapena kansalu konyowa kamene mwakaziziritsa m'firiji, koma kansaluko muzikachotsa kakayamba kung'ambika. Mukakapeza kali ndi patapata kukamwa, nenani kuti “Ayi” kamodzi, landani mofatsa, kapatseni chingwe chake, ndipo kakachigwira kayamikireni. Ana nawo azichita chimodzimodzi, ndiponso azisewera nako mpaka katope, chifukwa kagalu kongomangiriridwa tsiku lonse ndi kamene kamawononga kwambiri.

Chimene chimandidetsa nkhawa kuposa nsapato ndi chitsononkho, makamaka nyengo ya chimanga chachiwisi pamene zitsononkho zimangoti mbwee pabwalo. Chidutswa chake sichigayika m'mimba ndipo chingathe kutseka matumbo. Mafupa ophika a nkhuku nawonso amasweka n'kukhala akuthwa, choncho asaponyeredwe kagalu ngakhale kapemphe motani. Kakayamba kusanza mobwerezabwereza, kukana chakudya kapena kulephera kuchita chimbudzi, thamangirani nako kwa dokotala wa ziweto tsiku lomwelo. Ndipo popeza kadutsa miyezi 3 ndipo kamalumaluma manja a ana posewera, ngati sikanabayidwe katemera wa chiwewe, pitani nako sabata ino.